Khadi la Chipani cha Ndisiyeni

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mutu uwu ndaulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mudzauwerenga mukugwedeza milomo ngati ana a Sitandade 2, kenako mudzandiimbira foni n'kundiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Palibe kanthu. Za ubwana wanga ku Dedza ndi za zaka zimene ndinali kalaliki ku Lilongwe amayi anu anakuuzani kale, ndipo anawonjezerapo zina zimene sizinachitike. Pano ndikulemba za ntchito yoyamba ya mu ofesi imene ndinaipeza kuno ku Dublin, ntchito ija munkachita nayo manyazi anzanu akakufunsani kumene bambo anu amagwira.

Chaka choyamba

Nditamaliza maphunziro amene anandibweretsa kuno, ndinakhala zaka zingapo ndikunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Citywest, digiri yanga ili phee m'sutikesi pansi pa bedi. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya kuno, anandiuza kuti amalume ake akufuna munthu wodziwa kuyankha makalata ndi kusamala ofesi ya kachipani kena ka ndale. Ndinapita. Ofesiyo inali ku Tallaght, chipinda chimodzi pamwamba pa malo ometera tsitsi, moti tsiku lonse tinkamva makina ometera akulira pansi pathu. Amene anandilandira anali amalume akewo, a Fergal, bambo wamtali wa imvi, amene kale ankagulitsa zitsulo zomangira nyumba mpaka bizinesi yawo inagwa. Anandifunsa funso limodzi lokha. "Wyson, munthu wamkulu amene sakuvutitsa mnzake, ndani ali ndi mphamvu yomuuza zochita?" Ndinayankha kuti kwathu ndi mkazi wake. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ntchito ndinaipeza.

Chipanicho chinayamba zaka zochepa ine ndisanafike, m'chipinda cham'mwamba cha bala ina, pamene anthu otopa ndi misonkho ndi ziphaso anaona kuti kudandaulira pa mowa sikukusintha kanthu. Sichinali cha dziko lonse la Ireland ayi. Chinkagwira ntchito m'chigawo cha Dublin chokha, ndipo maso ake onse anali pa mipando ya kukhonsolo. Chiphunzitso chake chinali chachifupi: boma lichepe, msonkho uchepe, munthu asakakamizidwe kanthu malinga ngati sakupweteka wina. Maganizo amenewa alibe dzina m'Chichewa. Nditawafotokozera amayi anu, anangoti, "Ohoo, ndiye kuti mwalowa chipani cha Ndisiyeni." Dzinalo linakanirira, ndipo m'mutu uno ndizichitchula choncho.

Ntchito yanga inali yonse imene ena ankaizemba. Ndinkalemba zokambirana za komiti, kupinda timapepala tokagawa m'makomo, ndi kugwira makwerero a Fergal akamamangirira mapositala pa mapolo a magetsi. Loweruka tinkaimika tebulo panja pa masitolo akuluakulu, mvula ikugwa cham'mbali monga imachitira kuno, n'kumapempha anthu kuti asaine madandaulo. Ulendo wina tinkatsutsa chiphaso cha wailesi yakanema, ulendo wina tinkaikira kumbuyo amayi ogulitsa zipatso m'misewu, ulendo wina inali nkhani ya bambo amene anadikira mpaka kutopa chilolezo chowonjezera chipinda panyumba yakeyake. Anthu ambiri ankatidutsa ngati tikugulitsa mankhwala a makoswe. Ena ankasaina kuti tiwasiye apite. Kusowa kunali kwa tsiku ndi tsiku. Inki ikamatha, timapepala tinkatuluka totuwa, ndipo tinkagawa tomweto. Hita yotenthetsa chipinda inali imodzi, tinkaisuntha kutsata amene akulemba. Koma a Fergal sankadandaula. Chipanicho chinali chinthu chokhacho chimene chinawatsalira bizinesi itagwa ndi akazi awo atamwalira, ndipo ankafika mu ofesi nthawi zonse ine ndisanafike.

Chaka chachitatu

Anthu okonda ufulu ndi ovuta kuwasonkhanitsa, izi ndinaziona ndi maso. Pa msonkhano waukulu wa chaka chimenecho, m'chipinda chobwereka cha hotela, mmawa wonse unathera pa mkangano woti kaya wapampando ali ndi mphamvu youza munthu kuti akhale pansi. Masana ndi pamene inabwera nkhani yeniyeni. Kuno, chipani chikafuna kuti dzina lake lizioneka pa pepala loponyera voti, chiyenera kulembetsa ku boma, ndipo lamulo limafuna chiwerengero chakutichakuti cha mamembala. Chikapanda kulembetsa, munthu wake amaima ngati wopanda chipani. A Fergal anati tilembetse. Gulu lina linati kupempha boma kuti litizindikire n'kuligwadira boma lomwe tikulimbana nalolo. Anavota, a Fergal anapambana, ndipo ogonjawo anatuluka n'kukayambitsa chipani chawo, chimene chinagawanikanso pawiri chaka chisanathe. Ife tinatsala ndi chigamulo cholembetsa koma opanda anthu okwanira.

Ine ndinkalemba zonsezi osaikapo mawu anga. Sindinganene kuti ndinali wokhulupirira. Zina ndinkagwirizana nazo, chifukwa ndinakulira m'dziko limene boma linkayeza kutalika kwa tsitsi la mwamuna ndi kwa siketi ya mkazi. Zina ayi, chifukwa iwe Mphatso utathyoka mkono unachira m'chipatala cha boma, ndipo ndinalibe nkhope yotukwanira msonkho sabata imeneyo. A Fergal ankadziwa zimenezi ndipo sankandikakamiza. Ankati munthu amene ukugwirizana naye pa zonse ndiye kuti mmodzi wa inu sakuganiza.

Chaka cha chisankho, nyengo yozizira

Chisankho cha makhonsolo chitayandikira, tsiku lomaliza lolembetsera linali pafupi ndipo mamembala anali akuperewerabe. A Fergal anali atagogoda makomo mpaka nsapato kung'ambika. Tsiku lina anandifunsa, "Anthu akwanu aja, mukudziwa kuti pa chisankho cha makhonsolo aliyense wokhala kuno amaloledwa kuvota, ngakhale amene akudikira mapepala? Bwanji osawapempha?" Zinali zoona, ndipo sindinaone cholakwika. Nthawi imeneyo ndinali mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi, umene unkapemphera mu holo ina ku Tallaght konkuno. Ndinapempha mpata pa nthawi ya tiyi mapemphero atatha.

A Fergal anabwera atavala suti yakuda, baji pachifuwa. Analankhula bwino, ine ndikumasulira. Ana asukulu a ku yunivesite anamvetsera mwaulemu, anafunsa mafunso awiri atatu, n'kunyamuka kukathamangira basi. Koma enawo, amene ankakhala m'mahositelo a anthu opempha chitetezo ndi amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, anaima pamzere osauzidwa. Amayi ena anafunsa kuti nsalu ya chipani ili kuti, ndipo nditawauza kuti chipani ichi chilibe nsalu anayang'anizana modabwa, koma pamzere sanachoke. Makhadi athu anali timapepala tolimba toyera, dzina la munthu ndi la chipani basi. Ine, ukalaliki wanga wa ku Lilongwe utandikwera, ndinaona kuti akuoneka amaliseche, ndiye lililonse ndinkalimenya chidindo cha ofesi n'kusaina pansi pake. Pobwerera a Fergal ankaimba mluzu m'galimoto. Chiwerengero chinali chitakwana, n'kupitirira.

Patapita masabata awiri, tikutuluka m'mapemphero, anandiimitsa pakhomo mayi Nambewe. Anali mayi wachikulire ndithu, wochokera cha ku Mchinji, wosalankhulalankhula. Anabwera kuno ndi mwana wawo wamkazi, Esnart, ndipo anali atadikira yankho la mapepala awo zaka zambiri, uku akugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Blanchardstown.

"Abambo a Tadala, pepani ndikuchedwetseni pang'ono," anatero. "Esnart uja ndi woyembekezera. Ndiye ndimati ndifunse, khadi la wam'mimbayo tidule liti? Interview yathu ya ma papers ili next month, sindikufuna kuti atipeze ndi chifukwa."

"Khadi lanji, mayi?"

"La chipani. Langa ndi la Esnart tili nawo, sitiwasiya. Kwa dokotala ndimaonetsa, m'sitima ya Luas limakhala m'manja. Latsala la mwanayo."

Inu simungalimve funso limeneli popanda kukufotokozerani. Pamene ine ndi amayi anu tinkakula, kwathu kunali chipani chimodzi chokha, ndipo khadi lake linali ngati mpweya. Anyamata a malaya ofiira ankaima pa geti la msika, pokwerera basi, ngakhale pakhomo la chipatala. Wopanda khadi ankabwezedwa. M'madera ena mayi woyembekezera ankauzidwa kuti adule awiri, lake ndi la amene sanabadweyo. Zimenezi zinatha kalekale, ndipo ine ndinkaganiza kuti zinatha ndi m'mitu ya anthu momwe.

Ndinawauza mayi Nambewe kuti khadi ili si lotero. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira mwana amene akunama koma sakufuna kumuchititsa manyazi. "Ine ndinabwezedwapo pa geti la chipatala, mwana ali kumsana, thupi lili moto," anatero. "Sindidzabwezedwanso pa geti." Za mwana ameneyo sindinafunse. Ndinkadziwa kuti Esnart ndi mwana yekhayo amene ali naye.

Sabata imeneyo ndinayenda m'mahositelo awiri n'kumacheza ndi anthu. Nkhani inali itafala kale, ndipo amene anaiyambitsa sanapezeke. Ankati mzungu wa suti uja ndi wa boma. Ankati amene alibe khadi, fayilo yake idzaikidwa pansi pa ena onse. Ankati mkulu wa mpingo sangaime kutsogolo n'kumamenya chidindo chinthu chopanda ntchito.

Chaka cha chisankho, masiku olembetsa

Ndinawafotokozera a Fergal zonse, tili awiri mu ofesi, makina ometera akulira pansi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Alipo amene anawagwira dzanja? Ndi anthu akuluakulu, anasaina okha."

"Kwathu sagwira dzanja," ndinatero. "Amangoima pakhomo."

"Ine sindinaime pakhomo la munthu."

"Simunaime. Koma iwo anakuonani mutaima."

Anayenda uku ndi uku m'kachipinda kaja. Kenako anati tidikire. Tipereke mayina, chipani chilembedwe, ndipo tsiku lotsatira iwo eni adzabwera ku mpingo kudzafotokoza zonse ndi kupepesa. Masiku ochepa okha. Sanali munthu wachinyengo, ndipo ndikukhulupirira kuti akanabweradi. Koma interview ya mayi Nambewe inali m'masiku omwewo, ndipo ndinkaona m'maganizo mwanga mayi uja akutulutsa khadi lathu pamaso pa anthu a boma ngati umboni wake waukulu. Ndinaganizanso kuti chipani chimene chimauza anthu Loweruka lililonse kuti munthu asakakamizidwe sichingalowe m'kaundula chitakwera pamsana pa anthu amantha. Ndinawauza kuti Lamlungu ndikalankhula. Chingerezi chilibe "iwe" ndi "inu", koma zaka zonsezo ndinkamva "inu" a Fergal akamandilankhula. Tsiku limenelo ndinamva "iwe". "Ukudziwa chimene ukundilanda?" anatero. Ndinati ndikudziwa.

Lamlungu ndinaima kutsogolo, anthu makapu a tiyi ali m'manja. Ndinati a Fergal si a boma, chipani chawo chilibe ngakhale mpando umodzi, khadi lija silithandiza mapepala ndipo kulibweza sikuwononga mapepala. Ndinati amene akufuna chipanicho chifukwa cha maganizo ake asunge, ena onse abweze kapena akataye, palibe amene adzafunse. Kenako mnyamata wina kumbuyo anati, "Ndiye last time munatiimikiranji pa line, a elder?" Funso linali labwino, ndipo ndinangoti ndinaganiza kuti mwakonda chipani. Anthu anaseka, kuseka kosakondwa. Ambiri anabwera n'kuika makhadi patebulo, ena osandiyang'ana. Bambo wina wa ku Zambia woyendetsa takisi anandiuza kuti, "Ine nizasunga yanga, ba Chimwaza. Ma licence yanitopesa." Ameneyo anakhala membala weniweni, ndipo pa misonkhano ya komiti ankavuta kuposa azungu.

Mayi Nambewe sanabweze. Anandidikira pakhomo pomwe paja. "Mukutiyesa," anatero motsitsa mawu. "Mukufuna muone amene ataye." Ndinalumbira kuti si choncho. Anapukusa mutu. "Inu muli ndi passport, abambo a Tadala. Mukhoza kulankhula choncho."

Lolemba ndinakonza mayina okapereka. Ndinachotsa onse amene anabweza. Ndinachotsanso mayi Nambewe, Esnart, ndi ena angapo amene ndinkadziwa kuti asunga chifukwa cha mantha. A Fergal ataona anati, "Awa sanabweze. Ndiye iwe wawasankhira, chifukwa ukudziwa bwino chimene chili chowayenera. Ukusiyana bwanji ndi boma?" Funso limeneli limandivutabe mpaka lero. Iwo anali wapampando, akanatha kubwezeretsa mayinawo ndi cholembera chawo. Sanatero. Ngakhale akanatero, mwina sakanakwanabe. Tsiku lomaliza linadutsa tisanapereke kanthu.

Pa pepala loponyera voti a Fergal anaoneka ngati wopanda chipani, pakati pa mayina ena ambiri a anthu opanda chipani. Mapositala amene tinali titasindikiza kale ndi dzina la chipani tinawamangirirabe, ine nditagwira makwerero, iwo ali pamwamba, osalankhulana. Anagonja. Sindikunena kuti dzina la chipani likanawapambanitsa, koma iwo ankakhulupirira choncho, ndipo komiti inakhulupirira nawo. Ena ankanditchula dzina loipa m'misonkhano ine ndili pomwepo ndikulemba zokambirana, ndipo ndinkalemba ndi dzinalo lomwe. Zinandiwawa, sindikana. Amayi anu anandiuza kuti ndiyambe kufunafuna ntchito ina, ndipo ndinaipeza ku bungwe lina loona za nyumba ku Blanchardstown, kumene ndinagwira mpaka kupuma. Za kumeneko ndi nkhani ina.

Chaka chotsatira

Chipani chinalephera kusunga ofesi, ndipo a Fergal anandiimbira kuti ndikawathandize kulongedza. Inali foni yawo yoyamba m'miyezi yambiri. Linali Loweruka masana. Tinkaika mafayilo m'makatoni, nkhani zathu zili za makatoni okhaokha. Kenako tinamva munthu akukwera masitepe pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba. Anali mayi Nambewe, atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu ya kuntchito, jumbo lili m'manja. Atalowa anagwada pakhomo pomwepo, n'kupereka jumbolo ndi manja awiri kwa a Fergal. Munali nkhuku yozizira, ya mtundu wolimba uja timagula m'masitolo a zakudya za kwathu.

A Fergal anachita mantha. "Wyson, chachitika n'chiyani? Auzeni adzuke."

Mayi Nambewe sanadzuke. "Auzeni abwana kuti ma papers atuluka," anatero. "Ine ndi Esnart ndi baby, tonse. Ndinaonetsa khadi pa interview, analiyang'ana, analemba chinachake. Ena amene anabweza aja mpaka lero akudikira. Ine ndinasunga. Auzeni kuti ndabwera kudzathokoza chipani."

Womasulira amakhala ndi mpata wofewetsa mawu, ndipo zaka zonsezo ndinkaugwiritsa ntchito. Tsiku limenelo ndinamasulira liwu ndi liwu. Nkhope ya a Fergal inasintha. Ndi mawondo awo ovutawo ananjuta pansi kuti alingane ndi mayiwo.

"Auzeni kuti ine si boma," anatero. "Sindinachitepo kanthu pa mapepala awo, ndilibe mphamvu imeneyo. Auzeni kuti khadi limeneli sanalifunikepo, ndipo palibe munthu m'dziko lino amene ali ndi ufulu wowafunsa khadi la chipani. Palibe."

Ndinamasulira. Mayi Nambewe anaomba m'manja mwaulemu, akumwetulira. "Auzeni kuti ndamva," anatero. "Onse amatero. Koma pa geti amafunsa."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Fergal. Ndinawauza.

Mayiwo anadzuka, anatsanzika kuti shift yawo ikuyamba four, n'kutsika masitepe. A Fergal anatsala atakhala pa katoni, nkhuku ili m'manja, madzi akudonthera pa nsapato zawo. Patapita nthawi anandifunsa, "Pa mayina aja, angati anali ngati mayi awa?" Ndinati pafupifupi onse. Tinamaliza kulongedza, ndipo ananditengera kunyumba pagalimoto yawo, chinthu chimene anali atasiya. Chisankho chotsatira sanaime. Chipani cha Ndisiyeni chinakhalapo zaka zina zingapo, chikukumana m'nyumba za anthu ndi kuimika tebulo lake Loweruka, koma sichinapemphenso kulembedwa.

Mayi Nambewe ndi nzika ya dziko lino tsopano, ndipo mdzukulu wawo amalankhula Chingerezi cha ku Tallaght chimene ine sindimva. Chaka chatha tinakumana pa maliro a munthu wa mumpingo. Tikutuluka anandikokera pambali, anayang'ana uku ndi uku, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati makhadi atsopano anatuluka, chifukwa lawo lija layamba kufufutika.